Khadi la munthu wonyamula ndodo khumi: kodi likulosera tsoka?

Funso lomwe ndalandira lachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo mwachidule akuti: "Mnzanga wa kuntchito ali ndi makadi a tarot. Tsiku lina tikucheza anandiuza kuti ndisolole khadi limodzi, ndipo ndinasolola la mwamuna atawerama, atanyamula ndodo khumi. Patapita milungu iwiri ndinasololanso, n'kutulukanso lomwelo. Ine ndine woyamba kubadwa kwathu, ndimalipirira sukulu ang'ono anga awiri, ndikumangira amayi nyumba kumudzi, komanso ndine msungichuma wa gulu lathu la chipereganyu. Kodi khadi limeneli limatanthauza chiyani, ndipo kodi likundichenjeza za tsoka lomwe likubwera?"

Mayi, ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi limene limachititsa mantha. Khadi lomwe munasolola, lomwe pa Chingerezi amalitchula kuti Ten of Wands, silinena za imfa, matenda kapena ngozi, ngakhale kwa anthu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti makadiwa amaona zam'tsogolo. Kwa iwo khadili limanena za katundu amene munthu wasenza kale, amene akumulemera lero lino, ndipo kawirikawiri ndi katundu amene munthuyo anamutola yekha pang'onopang'ono chifukwa zinthu zinkamuyendera bwino. Ine ndinene poyera kuti sindikhulupirira zoti pepala lojambulidwa lingadziwe za mawa. Chimene ndachiphunzira kwa nthawi yaitali ndi mbiri ya makadiwa, zithunzi zake ndi matanthauzo amene anthu akhala akuziveka, ndipo pa zimenezi ndikhoza kukuyankhani mosakayika.

Makadi a tarot alipo 78, ndipo anayamba ngati makadi osewerera basi, kumpoto kwa dziko la Italy m'zaka za m'ma 1400, m'mizinda ngati Milan ndi Ferrara, kumene mabanja olemera ankalemba ntchito amisiri kuti awajambulire makadi okongola. Kwa zaka zoposa 300 anthu ankawadziwa ngati masewera, ndipo mpaka lero kuli madera a ku France ndi ku Austria kumene amasewerabe. Maganizo oti makadiwa ali ndi nzeru zobisika anatchuka mu 1781, pamene Antoine Court de Gébelin analemba ku France kuti anachokera ku Iguputo wakale, nkhani imene ilibe umboni uliwonse koma inakoma m'makutu mwa anthu. Pa makadi 78 aja, 22 ndi amene amatchedwa akuluakulu, ndipo 56 otsalawo agawidwa m'magulu anayi: ndodo, zikho, malupanga ndi ndalama zachitsulo. Lanulo ndi lachikhumi m'gulu la ndodo.

Chithunzi chomwe mwafotokoza chikundiuza kuti makadi a mnzanuyo ndi a mtundu umene unasindikizidwa ku London mu 1909 ndi kampani ya William Rider & Son, kapena ena otengera pamenepo. Amene anakonza matanthauzo ake ndi Arthur Edward Waite, ndipo amene anajambula zithunzi zonse ndi mayi wotchedwa Pamela Colman Smith. Izi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa pa makadi ambiri akale, monga otchuka aja a mtundu wa Marseille, khadi limeneli linalibe munthu aliyense. Pankangokhala ndodo khumi zopingasana, monga momwe khadi la nambala 10 pa makadi osewerera wamba limangokhalira ndi zizindikiro khumi. Mwamuna wowerama uja, amene lero anthu padziko lonse amamuona n'kunena kuti "ameneyu ndine," anatuluka m'manja mwa Smith. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti iye anatengerako pa makadi ena a ku Italy otchedwa Sola Busca, a cha m'ma 1490, omwe zithunzi zake zojambulidwa ndi kamera zinaperekedwa ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London, mu 1907. Pa makadi amenewo pali munthu wowerama mofananamo, koma iye wanyamula malupanga khumi.

Tsopano tiyeni tichiyang'ane bwino chithunzicho, chifukwa tanthauzo lonse lili pamenepo. Mwamunayo watitembenukira msana, ndipo nkhope yake sitikuiona chifukwa waikwirira mu ndodozo. Ndodo zake ndi zazitali kuposa iye mwini, wazifungatira ndi manja onse awiri chakumunsi, ndipo kumwamba kwake zatambasuka ngati chokupizira mphepo. Sizouma ayi, chifukwa pa ndodo iliyonse pali timasamba tatiwisi tomwe tikuphuka. Thambo ndi loyera, mvula kulibe, mdani womuthamangitsa palibe, ndipo pansi pomwe akupondapo ndi posalala. Chapatali ndithu, kudzanja lamanja, kukuoneka nyumba, mitengo ndi munda wolimidwa, ndipo n'kumene iye akulowera.

Mabuku a ku Ulaya ndi ku America amakonda kunena za kulemera kwa ndodozo, koma ine ndikuganiza kuti aliyense amene anakulira kumudzi angaone msanga chinthu china. Mwamunayu sadziwa kunyamula nkhuni. Mayi amene wapita kunkhuni amayamba wayala luzi pansi, n'kundandalika nkhunizo mitu yake italoza kumodzi, kenako amamanga mtolo pawiri kapena patatu ataupondera ndi bondo kuti ulimbe. Amapinda nkhata, amaitana mnzake kuti amutwike, ndipo akanyamuka khosi limakhala lowongoka, maso ali kunjira, dzanja limodzi lili lomasuka. Mtolo wotero ukhoza kukhala ndi mitengo yoposa khumi, koma umafika kunyumba. Mwamuna wa pa khadiyu alibe luzi, alibe nkhata, palibe amene anamutwika, ndipo katundu wake wamuika kutsogolo kumene akumutseka maso. Ndodo imodzi itati iterereke, sangaigwire popanda kutaya zinazo. Sindinganene kuti Smith ankaganizira zonsezi pojambula, koma chithunzicho chimalola kuti tichiwerenge chomwecho, ndipo kwa ine kuwerenga kumeneku n'kothandiza kuposa kungonena kuti munthuyu walemedwa. Vuto lake lalikulu ndi kanyamulidwe.

Tanthauzoli limamveka bwino tikatsata gulu lonse la ndodo kuyambira pachiyambi. Owerenga makadi amati ndodo zimaimira moto, kutanthauza khama, ntchito ndi chilakolako chofuna kuchita kanthu. Pa khadi loyamba pali dzanja lotuluka mumtambo litagwira ndodo imodzi yophukira, ndipo imeneyo ndi yopepuka, ngati tsiku lomwe munalandira malipiro anu oyamba n'kutumizako ndalama kumudzi mtima uli mbee. Pa khadi lachisanu ndi chimodzi munthu wakwera pahatchi atavala nkhata ya masamba ya opambana, anthu akumuperekeza. Pa lachisanu ndi chiwiri waima pamalo okwera akudziteteza kwa ena amene akumuloza ndi ndodo kuchokera kumunsi. Pa lachisanu ndi chinayi wamangidwa nsalu kumutu ngati wovulala, watsamira ndodo imodzi, zina zisanu ndi zitatu zili chilili kumbuyo kwake ngati mpanda. Pofika pa lachikhumi, ndodo zonse zija, zomwe iliyonse inabwera ngati mwayi kapena ngati ulemu, zakumana m'manja mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake masamba aja akadali awisi: zimene wanyamulazo ndi zinthu zamoyo ndiponso zabwino, ndipo n'chimene chimachititsa kuti kuzitaya kukhale kovuta.

Waite mwiniwake, m'buku lomwe analemba lofotokoza makadiwa, anavomereza kuti khadili lili ndi matanthauzo ambiri omwe ena sagwirizana. Anati tanthauzo lake lalikulu ndi kuponderezedwa, koma anawonjezera kuti limanenanso za mwayi, phindu ndi kupambana, kenako za kuponderezedwa kumene kumabwera chifukwa cha zinthu zomwezo. Mawu oti kuponderezedwa sanawayambe iye. Waite ndi Smith onse anali m'gulu lina la zachinsinsi la ku Britain lotchedwa Golden Dawn, lomwe linakhazikitsidwa mu 1888, ndipo m'gulumo khadili linali ndi dzina lotanthauza "mbuye wa chipsinjo." Iwo ankaligwirizanitsa ndi pulaneti ya Saturn, yomwe okhulupirira nyenyezi amati imaimira kulemera ndi malire, ikakhala m'chigawo cha Sagittarius, chomwe amati n'cha moto ndi ufulu. Chithunzi chomwe chimandibwerera ine m'maganizo ndi cha moto umene waunjikiridwa zikuni zambiri mpaka wayamba kufuka utsi m'malo moyaka. Pa makadi ena otchuka, amene Frieda Harris anajambula motsogozedwa ndi Aleister Crowley kuyambira mu 1938, palibe munthu, koma ndodozo zapingasana ngati zitsulo za pazenera la ndende. Waite anatchulanso za chinyengo ndi kudzibisa, tanthauzo lomwe owerenga ambiri a masiku ano analisiya, ngakhale ine ndimaona kuti silinapite patali, poti munthu wolemedwa kawirikawiri ndi amene amayankha kuti "ndili bwino" aliyense akamupatsa moni.

Kuti muone kuti khadi lanu si la tsoka, mupemphe mnzanuyo akuonetseni makadi awiri a m'gulu la malupanga. Pa lachisanu ndi chinayi munthu wadzuka pakati pa usiku, wakhala tsonga pabedi manja ali kumaso, ndipo limeneli ndi limene amati limanena za nkhawa yosowetsa tulo. Pa lachikhumi munthu wagona chafufumimba, malupanga khumi atabayidwa kumsana, ndipo amati limanena za chinthu chimene chatheratu. Mwamuna wa ndodo uja akuyendabe ndi miyendo yake, sanavulale, ndipo kumene akupita kukuoneka.

Simunanene ngati khadili linatuluka lowongoka kapena lozondoka. Owerenga amene amasamala za zimenezi sagwirizana pa tanthauzo la lozondoka. Ena amati ndi chizindikiro choti munthu wayamba kutula katundu wake, ena amati wafika poti katunduyo agwa yekha, ndipo Waite anangotchula zovuta, zopinga ndi ziwembu. Kusagwirizana kumeneku kukusonyeza kuti matanthauzowa ndi ochita kupangana anthu, ndipo amasintha malinga ndi nthawi komanso wolemba.

Nanga kutuluka kawiri kuja? Ngati makadi asakanizidwa bwino, mwayi woti khadi lomwe munasolola poyamba litulukenso ulendo wachiwiri ndi umodzi pa 78. Umenewu ndi mwayi wochepa, koma si wodabwitsa, ndipo umakula ngati makadiwo sanasakanizidwe mokwanira, kapena ngati khadilo linabwezedwa chapamwamba, kapena linapindika pang'ono moti chala chimalipeza msanga. Palinso china chimene chimachitika m'mutu mwa munthu. Mukanasolola khadi la ana awiri akupatsana maluwa, mwina mukanaseka n'kuiwala tsiku lomwelo. Ili lakukhalani mumtima chifukwa mwadzionapo, ndipo mndandanda wa maudindo omwe mwalemba m'funso lanu munaudziwa kale musanakhudze makadiwo.

Apa ndipo ndimasiyana maganizo ndi mabuku ambiri ofotokoza khadili. Malangizo awo amakhala oti munthu ataye ndodo zina, aphunzire kukana, adziganizire yekha poyamba. Malangizo amenewa analembedwera munthu amene katundu wake ndi misonkhano ya kuofesi ndi maudindo ongodzipereka, amene akhoza kulemba kalata imodzi n'kumasuka. Inu simungalembe kalata yosiya kukhala mwana wa amayi anu, ndipo mng'ono wanu amene ali Fomu 3 si ndodo yoti mungaiponye m'mbali mwa njira. Kunena zoona, ambiri a ife tinaphunzira chifukwa wina anatisenza chomwecho, ndipo sindingakuuzeni kuti mwambo umenewu ndi wolakwika. Koma mwambo womwewo umati mutu umodzi susenza denga, ndipo sunanenepo kuti woyamba kubadwa asenze yekha, mwakachetechete, popanda womutwika kapena womutula.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito chithunzichi, chigwiritseni ntchito monga momwe mayi wa kunkhuni uja amachitira: tulani zonse pansi kaye kuti muziwerenge. Tengani pepala, mulembe chinthu chilichonse chimene chimadya ndalama zanu kapena nthawi yanu pamwezi, kuphatikizapo zing'onozing'ono zimene simunazitchule, monga mauthenga a pa WhatsApp opempha ya mayunitsi, ya chigayo, ya feteleza, ya chipepeso cha maliro a kumudzi woyandikana nawo. Anthu ambiri akachita zimenezi amapeza kuti ndodo zikuluzikulu zija, fizi ndi nyumba, si zimene zikuwatopetsa kwambiri, chifukwa zimenezo amazidziwa ndipo amazikonzekera. Zotopetsa ndi zosamangidwa zija, zimene zimabwera tsiku lililonse popanda chenjezo, iliyonse payokha ikuoneka yaing'ono moti kuikana kumachititsa manyazi. Luzi lake ndi kupangana ndi a kumudzi ndalama imodzi yodziwika pa tsiku limodzi lodziwika mwezi uliwonse, yolandira munthu mmodzi, kuti zopempha zonse zizipita kwa iyeyo.

Kenako pa ndodo iliyonse mudzifunse kuti inafika bwanji m'manja mwanu. Fizi ya ang'ono anu mwina munailonjeza nokha, ndipo ili ndi tsiku lothera, lomwe ndi bwino kulilemba kuti muzilidziwa. Nyumba ya amayi ndi yanu nonse ana a m'banjamo, ndipo ngati muli ndi alongo kapena atsibweni amene alibe ndalama, iwo akhoza kuumba njerwa, kutunga madzi, kuyang'anira womanga ndi kuwerengera matumba a simenti, zomwe inu muli kutali simungathe. Palibenso lamulo loti nyumba ithe chaka chino; nyumba zambiri za kumudzi zimaima pa mawindo dzinja lonse n'kudzafoleredwa malata chaka chotsatira. Koma usungichuma wa chipereganyu ndikuukayikira. Udindo wotere umapita kwa munthu amene anzake amamukhulupirira, choncho ndi ulemu, ndipo n'chifukwa chake ndi wovuta kuukana. Umenewu ndi uja Waite ankati kuponderezedwa kobwera ndi kupambana. Pa ndodo zonse zomwe mwatchula, imeneyi ndi yokhayo imene munthu wina akhoza kuinyamula mawa popanda aliyense kuvutika, ndipo magulu ambiri amasinthana maudindo chaka ndi chaka. Akuluakulu ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ndikuona kuti mwambiwu umakhudzanso maudindo aulemu, osati zakudya zokha.

Chinthu china cha pachithunzi chimene sindifuna kuti chikudutseni ndi mudzi uja uli chapatali. Owerenga ena amauona ngati chilimbikitso choti munthuyo apirire poti watsala pang'ono kufika. Ine ndimaona kuti mwamunayo mudziwo sakuuona, chifukwa ndodo zamutseka kumaso. Amene tikuuona ndi ife oonerera. Munthu amene wasenza za banja kwa zaka zambiri amafika poiwala kuti ulendowo unali ndi kothera, ndipo fizi ya mng'ono ikatha amapeza kuti walandira kale ya mwana wa msuweni, osafunsidwa n'komwe ngati akufuna. N'chifukwa chake nkhani ya kothera iyenera kukambidwa pabanja anthu akadali pamtendere, kuti amene mukumuphunzitsa leroyu adziwe kuti akadzayamba ntchito, ndodo ina idzakhala yake. Zimenezi si nkhanza, ndipo mabanja ambiri amene anaphunzitsa ana onse anachita motero, wamkulu kuphunzitsa wotsatira, wotsatirayo n'kuphunzitsa wina.

Pali malire a zimene chithunzi chingachite. Ngati kulemedwaku kwafika poti simukugona, chakudya sichikulowa, mutu ukuwawa kawirikawiri, mtima ukugunda mothamanga, kapena mwayamba kuganiza kuti kuli bwino kungochoka padziko, imeneyo si nkhani ya makadi. Pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi ndipo muwafotokozere zonse momwe zilili, chifukwa matenda a nkhawa ndi a kukhumudwa ali ndi chithandizo. Ndikudziwanso kuti ambiri mwa owerenga athu ndi Akhristu kapena Asilamu, ndipo zipembedzo zonse ziwirizi zimaletsa kuombeza. Ngati kusolola makadi kuja kwakusiyani ndi chikumbumtima chosakhazikika, musakusololenso, ndipo simutaya kanthu. Zonse zomwe ndafotokoza pano zachokera pa kuyang'ana chithunzi chojambulidwa ndi munthu mu 1909, ndipo mukhoza kuchiyang'ana monga mmene mungayang'anire chithunzi china chilichonse chopachikidwa pakhoma.

Mnzanuyo akadzakuuzani kuti musololenso kachitatu kuti muone ngati zasintha, ine ndingakulangizeni kuti mukane mwaulemu, chifukwa khadi lililonse lomwe lingatuluke silidzachotsa kapena kuwonjezera kanthu pa fizi ya teremu ikubwerayi. Madzulo amenewo muimbire foni amayi pamodzi ndi mmodzi mwa alongo anu, pepala lija lili patsogolo panu, ndipo muyambe ndi nkhani ya amene aziyang'anira womanga.